Miyala ya Pakhonde la Nyumba Yabuluu

Mavis Kapalamula ndi munthu wa mafunso. Mukapita kuchipatala cha ku Chintheche mutu ukukupwetekani, n'kupeza kuti namwino wa tsikulo ndi iyeyo, konzekani. Asanakupatseni panado akhala atadziwa kale kumene mumatunga madzi, chimene munadya dzulo, ndi chifukwa chimene chala chanu chaching'ono chinapindikira. Anzake amamuseka kuti anaphonya ntchito, akanakhala wapolisi. Iye amangoti safunsa anadya phula, n'kupitiriza kufunsa.

Kwawo ndi ku Mayani, ku Dedza, koma kwawoko n'kwa pachiphaso chabe. Bambo ake anali mlangizi wa zaulimi, ndiye banjalo linkayendera makalata a boma: zaka ziwiri ku Kasiya, zitatu ku Bilila, chimodzi ku Thekerani, kenako kwina. Pofika Fomu 2, Mavis anali atagona m'nyumba zisanu ndi ziwiri, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene akanailoza n'kunena kuti iyi ndi yathu.

Mayi ake anali ndi lamulo limodzi: panyumba ya boma sabzalapo mtengo. Mpiru inde, tomato inde, chilichonse chodyedwa miyezi itatu isanathe. Mtengo ayi. Ku Bilila kuja Mavis ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anakwirira njere ya mango kuseri kwa bafa, n'kumaithirira mobisa ndi madzi otsukira mbale. Itamera masamba anayi ofiirira, mayi anaiona, n'kuizula.

"Udzaulirira uli pa lole," anatero mayiwo, osakalipa n'komwe.

Sananame. Bambo atamwalira, banjalo linapatsidwa miyezi itatu kuti lichoke m'nyumba ya boma, ndipo lole inabwera tsiku lake lenileni.

N'chifukwa chake pamene Sosten, mphunzitsi wa pulayimale chakufupi ndi Bandawe, mnyamata wa ku Tsangano wolankhula mofulumira ngati akuthawa mvula, anamufunsira ukwati, Mavis sanafunse za mphete kapena diresi. Anati: "Ndalola, koma tigule nyumba. Ikhale yaing'ono, ikhale yakale, zilibe kanthu. Bola ikhale yoti ndikalowamo ndisadzatulukemonso ndi katundu pamutu."

Sosten anavomera, poti mwamuna pofunsira amavomera chilichonse.

Tsiku laukwati sanavutike nalo. Onse awiri ndi ana a kumapiri, ndipo mwana wa kumapiri amadziwa kuti mwezi wa ukwati ndi Meyi. Mvula yatha, matope auma, achibale akolola, msewu wa ku Tsangano wayamba kupitika. Anagwirizana kuti ukwati akadalitse kutchalitchi, koma madyerero akhale pamchenga, m'mphepete mwa nyanja, kuti abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu, amene madzi ambiri anawaonera mu damu la mthirira, adzabwerere kwawo ndi nkhani. Tsono Loweruka lililonse la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, awiriwa ankakwera njinga yamoto ya Sosten kukafuna zinthu ziwiri: malo a madyerero ndi nyumba.

Malo a madyerero anawapeza Loweruka lachiwiri. Inali loji yaing'ono kummwera kwa Chintheche, ya mchenga woyera mbee, yokhala ndi matebulo asimenti khumi ndi awiri ndi kanyumba kaudzu koti akwati n'kukhalamo. Sosten anayamba kale kuyeza ndi mapazi pamene padzakhale zokuzira mawu.

"Ukwatiwo ndi wa liti?" anafunsa woyang'anira lojiyo, bambo waulemu wovala malaya oyera.

"Meyi," anayankha Sosten.

Bamboyo anakanda kumutu. "Meyi? Bwanji Novembala, aphunzitsi? Meyi amavutako kuno."

"Aaa, mvula imakhala itatha kalekale," anatero Sosten. Atatuluka anamunong'oneza Mavis kuti awa ndi machenjera a anthu a bizinesi, akufuna adzakweze mtengo.

Mavis ankaona zina. Maso ake anali pamiyendo ya matebulo aja. Kumtunda simenti inali yotuwa bwinobwino, koma kuyambira m'mawondo kutsika inali yoderako, ndipo m'ming'alu munali tizigoba ta nkhono. Nkhono imakwera tebulo kukatani? Funsolo linafika pakamwa, koma Sosten anali ataliza kale njinga.

Nyumba ndiyo inawazunza. Anawatsogolera ndi Howard, mnyamata wodziwa aliyense wogulitsa kanthu kuyambira ku Kande mpaka ku Nkhata Bay, wokhala ndi mafoni awiri ndi mano oyera. Yoyamba inali pafupi ndi msewu waukulu, kuseri kwa msika. Nyumba yabwino ndithu, koma khoma lake linali limodzi ndi la malo omwera mowa, ndipo oitanira maminibasi ankamveka ngati ali m'chipinda chogona. Yachiwiri inali kutali, njira ya ku Limphasa, pakati pa minda ya mpunga. Mavis anafunsa mayi woyandikana nawo kuti udzudzu uliko bwanji. Mayiyo anangoseka, n'kumuonetsa miyendo ya ana ake.

Ku Bandawe ndiye anakakumana ndi zina. Malo aliko, okongola, amthunzi. Koma paliponse pamene Mavis analoza, yankho linali limodzi.

"Apo? Apo pagona agogo athu."

"Nanga apo?"

"Apo ndi pa mwana wa achimwene, ali ku Joni. Adzabwera."

"Anapita liti?"

"Chaka chimene ndinabadwa."

Mavis zinamusangalatsa kwambiri moti anaiwala kuti wabwera kudzagula. Anakhala pansi n'kuyamba kufunsa kuti munthu amene anachoka zaka makumi anayi zapitazo malo ake amamusungira ndani, ndipo amadziwa bwanji malire. Eni malowo anamuonetsa mitengo. Mango uyu anabzala ndi uje, uyo anabzala ndi uje, malire ndi amenewo. Anabwerera wopanda malo, koma mtima unamuwawa ndi nsanje. Kuli anthu pansi pano amene ngakhale atasowa zaka makumi anayi, mtengo umawadikira.

Loweruka lomaliza la mweziwo Howard anaimba foni mmawa. "Asisi, lero ndiye mukandithokoza."

Koma abale, nyumba imeneyo! Inali kumunsi kwa mudzi wina, njira yotsika pang'onopang'ono kuchokera pamsewu. Zipinda zitatu, malata osachita dzimbiri, khonde lalikulu loyang'ana kunyanja. Khoma analipaka penti yoyera kumtunda, ndipo kuyambira m'chiuno kutsika analipaka yabuluu yonyezimira, ya dzulodzulo. Kuchoka pakhonde kukafika pamadzi panali mapazi ngati makumi asanu ndi awiri, mchenga wokhawokha. Mwini wake, anatero Howard, ndi bwana wa ku Mzuzu, anaimanga zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo akugulitsa chifukwa ana ake sakonda kumudzi. Mtengo wake unali woti namwino ndi mphunzitsi n'kuufikira. Koma yankho lifike Lolemba, chifukwa pali wina wa ku Lilongwe akuifunanso. Wa ku Lilongwe ameneyu sasowa pa malonda alionse.

Mavis analowa chipinda chilichonse. Anatsegula mawindo, anagogoda zitseko, anaima kukhitchini n'kudziona akutsuka mbale uku akuyang'ana mabwato. Anaikonda nyumbayo, osati pang'ono. Anatuluka kuseri n'kusankha pamene adzakumbe dzenje la mango wake woyamba.

Pobwerera kukhonde ndi pamene anaiona miyala. Inali isanu ndi itatu, ikuluikulu ngati maungu a kudimba, yosalala, itakhala pamchenga m'munsi mwa masitepe. Sinali mulu wa omanga nyumba. Inali iwiriiwiri, motalikirana, ndipo wina unali ndi kachingwe kabuluu komangidwa pakati.

"A Howard, miyala iyi ndi ya chiyani?"

"Miyala basi, asisi."

"Kuno n'kumchenga. Yachokera kuti?"

Howard foni yake ina inalira, kapena anaiuza kuti ilire, n'kupita kuseri.

"Iwe Mavis, wayambatu," anatero Sosten. "Anthu akukupatsa nyumba, iwe ukufunsa miyala? Imeneyi ndidzazunguliza maluwa." Anavula wotchi, n'kuwerama, n'kuyamba kugubuduza mwala wa kachingwe uja.

"Ada! Ada! Mwala wangawo mukupita nawo kuti?"

Mawuwo, oitana Sosten mwa Chitonga, anachokera kunjira yotsikira kunyanja. Kunali mayi wa zaka ngati makumi anayi, wamfupi, wamphamvu, beseni la chinangwa chosenda pamutu. Anatula beseni n'kubwera chothamanga. Atayandikira anamuzindikira Mavis, nkhope n'kumasuka. Anali Agness NyaMhone, wogulitsa ufa wa chinangwa pamsika, amene mwezi ndi mwezi amakayezetsa kuthamanga kwa magazi kuchipatala, n'kumakangana ndi Mavis pa nkhani ya mchere.

"Anesi, ndinu? Awa ndi abambo a kunyumba? Auzeni asiye mwala wanga, unali wa amayi anga umenewo."

Sosten anausiya msangamsanga, n'kupukuta manja m'thalauza.

"Pepani, ama," anatero Mavis. "Koma mwala wanu ukutani pakhomo pa eni?"

"Ukudikira."

"Ukudikira ndani?"

"Nyanja."

Mavis anakhala pasitepe. Sosten ataona kakhalidwe kameneko anadziwa kuti lero sachoka msanga.

NyaMhone anafotokoza mu Chichewa chake chokoka cha kunyanja, akuloza ndi manja onse awiri. Chinangwa chowawa sadya chisananyikidwe. Amachisenda, amachiika m'thumba, n'kuchimiza m'madzi osaya masiku atatu kapena anayi kuti ululu uchoke, kenako n'kuchiyanika. Kuti thumba lisayandame, amalipsinja ndi mwala. Kumchenga kuno miyala ndi yosowa, ndiye mayi aliyense amaudziwa wake monga amadziwira mtondo wake.

"Nanga lero mukanyika kuti?" anafunsa Mavis.

"Uko," analoza kumadzi, kutali.

"Bwanji osatenga mwala wanuwu?"

"Uwu? Kuti msana uthyoke? Pano nyanja yagona, timiyala ting'onoting'ono tikukwana. Ikuluikuluyi ndi ya nthawi ya mwera, mafunde akalusa. Ndiye tiinyamulirenji? Nyanja idzabwera yokha kudzaipeza."

"Kudzaipeza pano?"

"Pompano. Mwezi wa Meyi ine ndimanyika apa," anaponda pamene panali mwala wake. "Mnzanga NyaChirwa apo. Tikatopa timakhala pakhonde lomweli, miyendo ili m'madzi. Chaka chathachi ndiye inanyanya, inalowa mpaka m'nyumba. Ana ankagwira timatemba kukhitchini."

Mavis anatembenuka kuyang'ana penti yabuluu ija, yolekeza m'chiuno. Anapita pakona ya khoma, n'kukanda ndi chikhadabo. Pansi pa buluuyo panali simenti yodera, yofumbutuka, yofanana ndi ya miyendo ya matebulo a kuloji.

Sosten sanagonje msanga, poti ndi mphunzitsi. "Koma ama, Meyi mvula imakhala itatha. Madzi amadzaza nthawi ya mvula, Januwale, Febuluwale. Ikatha amaphwa."

NyaMhone anamuyang'ana ngati mwana wa Sitandade 1. "Ada, umenewo ndi mtsinje. Kwanu kuli mitsinje eti? Mtsinje umadzaza lero, mawa waphwa. Nyanja ndi mimba. Mvula yonse ya kumapiri kwanuko imayenda, imayenda, n'kudzafika kuno mochedwa. Inu mukamati mvula yatha tikolole, ife kuno ndiye madzi akukwera. Mwabwera Okutobala, mwaipeza itaonda."

"Mwina ndi zaka ziwiri zokhazi," anatero Sosten, mawu atatsika. "Mwina ibwerera."

"Ibwerera, inde. Imapita. Amayi anga ankanyika pompano ine ndili kumsana. Kenako inapita zaka zambiri, anthu a m'tauni n'kumati yapitiratu, n'kuyamba kumanga. Ife tinkangoyang'ana. Mwala sitinausunthe."

 Sosten anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena yekha mwambi umene wakhala akulembetsa ana pamayeso chaka ndi chaka: madzi saiwala khwawa.

"Nanga bwanji palibe anatiuza?" anafunsa Mavis.

"Munafunsa ndani? Abwera anthu anayi kudzaona nyumbayi. Amafunsa mtengo, amafunsa magetsi, amajambula nyanja pafoni. Munthu wovala bwino ali ndi a Howard ake, ine ndimuyambe bwanji? Inu nokha ndi amene mwafunsa za mwala."

Howard anali atabwerera, ataima patali. Sananame, anatero. Iye ananena kuti nyanja ili uko, ndipo kodi sili uko? 

Mavis zinamupweteka. Asaname munthu kuti anasangalala poti wapulumuka. Anakhala pasitepe paja misozi ili m'maso, chifukwa kwa ola limodzi lathunthu anali ndi kwawo, ndipo tsopano analibenso. Anadziona mwezi wa Meyi, sabata imodzi chichitireni ukwati, akutuluka m'nyumbamo madzi ali m'mawondo, matiresi pamutu. Lole ina ija, koma yobwera chaka ndi chaka.

Anayang'ana bwalo lonse, ndipo anachita manyazi. Panalibe mtengo ngakhale umodzi. Panali chitsa cha papaya chowola, basi. Iye, mwana wa mayi uja, analowa pakhomo lopanda mtengo osadabwa!

Koma chizolowezi ndi chizolowezi. Anapukuta m'maso, funso lina n'kutuluka.

"Ama, nanga pamene nyanja sinafikepo ndi pati?"

NyaMhone anamugwira paphewa n'kumutembenuza kuti ayang'ane kumtunda. "Mukuona mango akuluakulu awo?"

Mavis anawaona. Anali atadutsa pansi pake potsika, koma sanaone kuti aima pamzere, kutsata phiri, ngati anthu odikira basi. Kumtunda kwa mzerewo kunali nyumba zakale za eni mudzi, matchalitchi, manda. Kumunsi kwake kunali bango, mchenga, ndi nyumba zatsopano za malata owala.

"Mango sakhala m'madzi," anatero NyaMhone. "Mukaona mango woti anthu awiri sangamukumbatire, dziwani kuti pamenepo madzi sanagonepo chibadwire agogo anu. Gulani kumtunda kwa mango. Nyanja muzichita kuiyendera, isamakuyendereni ndi iyo."

Anasenza beseni lake, Mavis atamuthandiza, n'kutsikira kumadzi. Ali panjira anatembenuka: "Ndipo za mchere zija ndachepetsa, anesi!" Limenelo lokha ndiye linali bodza la tsikulo.

Pobwerera anadzera kuloji kuja. Ulendo uno anafunsa ndi Mavis, ndipo anafunsa bwino: mwezi wa Meyi madzi amalekeza pati? Bambo wa malaya oyera uja anapumira m'mwamba ngati wamutula katundu. Anapita pa kanyumba kaudzu ka akwati, n'kuika dzanja pa nsanamira, m'munsi pang'ono mwa thumba la thalauza lake.

"Ndinayesa kukuuzani," anatero. "Koma aphunzitsi anali ndi yankho kale."

Nyumba anaipeza mu Disembala, ndipo anawalozera ndi NyaMhone yemweyo. Inali ya mphunzitsi wina wopuma ntchito amene ankabwerera kwawo ku Rumphi. Yakale, ya njerwa zootcha zosapaka pulasitala, malata ofiira ndi dzimbiri, chitseko cha kukhitchini chotseka ndi waya. Mavis anafunsa mafunso masiku atatu: kwa oyandikana nawo, kwa eni mudzi, ku ofesi yoona za malo. Anayendera malire onse ndi mapazi. Pabwalo panali mango awiri, ndipo anamuuza Sosten kuti agwirane manja ayese kukumbatira wamkuluyo. Manja sanakumane. Nyanja kuchokera pamenepo sioneka, pokhapokha utakwera pachulu cha kuseri. Sosten anadandaula sabata yathunthu kuti munthu ungakhale bwanji ku Chintheche n'kumaonera nyanja pachulu.

Madyerero anachitikira pansi pa mango omwewo, Loweruka lachitatu la Meyi, mwera ukuwomba. Abale a ku Dedza ndi ku Tsangano nyanja anaiona ndithu, ndipo nkhani anapita nayo. Sosten mwiniwake, ali mu suti, ndi amene ankawakweza pachulu awiriawiri, n'kumawalozera kumunsi kumene nyumba yabuluu inaima m'madzi mpaka pasitepe yachitatu, amayi atatu atakhala pakhonde pake miyendo ili m'nyanja. Ankafotokoza ngati anazitulukira yekha. "Mukuona? Nyanja si mtsinje. Anthu ambiri sadziwa zimenezi."

Mmawa mwake alendo akupakira katundu m'minibasi, Mavis anawaitana mayi ake kuti adzaone kuseri. Mayiwo tsopano ndi okalamba, tsitsi lonse mbuu, ndipo mpaka lero amakhala m'nyumba ya lendi ku Dedza boma. Anapeza dzenje lokumbidwa kale, chidebe cha madzi, ndi kamtengo ka mango m'kathumba kakuda, ka masamba anayi ofiirira.

"Amayi, bzalani."

Mayiwo anayang'ana kamtengoko, anayang'ana nyumba, anayang'ananso mwana wawo.

"Mapepala munasaina?"

"Tinasaina."

"Dzina la ndani?"

"Langa ndi la a Sosten."

"Akakusamutsani kuntchito?"

"Ndidzapita kukagwira ntchito, n'kubwerera kuno. Anthu a kuno amapita ku Joni zaka makumi anayi, mtengo umawadikira."

"Nanga madzi aja ndaona dzulo?"

"Safika kuno. Ndinafunsa."

Apo mayi anaseka, chifukwa mwana wawo amamudziwa. Anakonza chitenje, n'kugwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo. Anang'amba kathumba kaja, dothi n'kumagwa m'mbali. Minibasi inaliza hutala kumsewu, iwo osatembenuka.

"Mavis," anatero motsitsa mawu, kamtengo kali m'manja. "Undionetse. Ine mtengo sindinabzalepo."